Mbusa Charles Chidongo Chinula: Mnyamata Amene Adakula Akumva Nyimbo za Mitundu Iwiri

Pakati pa anthu amene adaphunzira pa phiri la Khondowe, m'boma la Rumphi, pamene pali mishoni ya Livingstonia, alipo ambiri amene maina awo adalowa m'mabuku a mbiri ya dziko lino chifukwa cha uphunzitsi, ubusa kapena ndale. Mbusa Charles Chidongo Chinula, amene adabadwa m'chaka cha 1885 namwalira m'chaka cha 1970, adagwira ntchito zitatu zonsezi. Adali mphunzitsi, adali mbusa, adalinso mmodzi mwa atsogoleri oyamba a anthu akuda pa ndale za Nyasaland. Maudindo onsewa adabwera napita. Chimene chidatsala, chimene Akhristu a kumpoto akuchigwiritsabe ntchito Lamulungu ndi Lamulungu, ndicho nyimbo zimene mkuluyu adapeka. Ndipo wofuna kudziwa gwero la nyimbozo ayenera kuyamba wafunsa zimene makutu a Charles adamva akali mnyamata.

DZIKO LIMENE ADABADWIRAMO

A Chinula adabadwira m'dziko la Angoni a Inkosi M'mbelwa, m'dera limene lero ndi boma la Mzimba. Angoniwa adachokera kumwera kwa Africa, nawoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka ngati 20 adadzakhazikika pakati pa Atumbuka. Pamene Charles ankabadwa, fungo la nkhondo lidali lisanathe, pakuti zaka zochepa m'mbuyomo Atumbuka ena adagalukira Angoni, ndipo ambiri adaphedwa pa phiri la Hora. Komabe mitundu iwiriyi idali itayamba kale kukwatirana, kotero kuti ana ambiri ankakula akuyankhula Chitumbuka pakhomo, Chingoni n'kumachimva pa bwalo la mfumu ndi m'nyimbo.

Mwana wa m'dziko lotere sankasowa chomvera. Ikatha ntchito yokolola kunkakhala ingoma, gule amene alibe ng'oma ngakhale imodzi: amuna atanyamula zishango ndi zibonga ankaponda pansi pamodzi mpaka nthaka kunjenjemera, amayi akuomba m'manja ndi kuliza nthungululu. Kudali nyimbo zotamanda mafumu, zokumbukira nkhondo ndi zoperekezera mkwatibwi. Kwa Atumbuka kudali vimbuza, gule wochiritsa odwala, amene ng'oma zake zinkachezera usiku wonse. Kudalinso nyimbo zapamtondo ndi tinyimbo ta m'nthano za madzulo. Ngakhale nyimbozi zidali zosiyana, zidali ndi kamangidwe kamodzi: munthu mmodzi ankayambitsa, gulu lonse n'kuvomera, ndipo panalibe wokhala duu ngati mlendo. Kuimba kudali ntchito ya mudzi wonse.

M'dziko lomwelo mudali mutayamba kumveka nyimbo za mtundu wina. M'chaka cha 1882 mlaliki William Koyi, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, adakhazikika pa Njuyu, ndipo popeza chiyankhulo chake chidali chapachibale ndi Chingoni, mafumu adamumvera. Mishoni ya Ekwendeni idatsegulidwa mu 1889, ya Hora mu 1893. Mmodzi mwa Angoni oyamba kubatizidwa, m'chaka cha 1890, adali Mawelera Tembo, munthu waluso pa maimbidwe, amene adayamba kuveka mawu achikhristu pa machuni a makolo ake. Njira imene a Chinula adadzayendamo pambuyo pake idali italambulidwa kale ndi mkulu ameneyu.

ZAKA ZA UNYAMATA

Charles adayamba maphunziro ake m'sukulu za mishoni za kwawo konko. Adali ndi zaka 11 pamene mbusa wachinyamata wa ku Scotland, Donald Fraser, adafika m'dziko lino mu 1896, ndipo adali ndi zaka 13 pamene mbusayu adaitanitsa msonkhano waukulu woyamba wa masakramenti pa Ekwendeni mu 1898. Anthu pafupifupi 4,000 adasonkhana kumeneko kwa masiku angapo, akugona m'misasa, ndipo magulu ochokera m'midzi yakutali ankabwera ndi kubwerera akuimba m'njira. Misonkhano yotere idapitirira chaka ndi chaka. Ku dziko kumene khamu lalikulu linkasonkhana kale pokonzekera nkhondo kapena povina ingoma, tsopano khamu lidayamba kusonkhana poimbira Mulungu, kawirikawiri pa machuni omwe aja.

Umu ndi mmene mudagwera unyamata wa Charles. Zaka zapakati pa 12 ndi 20 ndizo zaka zimene khutu la munthu limakhala lotseguka koposa, ndipo chimene chalowamo pa msinkhu umenewo sichituluka msanga. Akuluakulu adati mmera m'poyamba. Anyamata a mbadwo wake ankamva salimo ya ku Scotland m'kalasi mmawa, madzulo n'kumva nyimbo ya ingoma pa bwalo. Ambiri mwa ophunzira adaganiza kuti munthu wa sukulu ayenera kusankhapo imodzi ndi kuchita manyazi ndi inzake. Moyo wonse wa a Chinula ukuonetsa kuti iwo adakana kusankha kotero.

PA PHIRI LA KHONDOWE

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ophunzira amene ankakhoza bwino m'sukulu za mishoni ankatumizidwa ku Khondowe, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 Charles adali mmodzi mwa iwo. Kwa anyamata a ku Ungoni umenewu udali ulendo wapansi wa masiku angapo, kudzera m'chigwa cha Henga.

Mishoni ya Livingstonia idayambira ku Cape Maclear mu 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881, koma malungo adavuta m'malo awiri onsewa. M'chaka cha 1894 Dr Robert Laws adasankha chitunda cha Khondowe, m'dziko la Aphoka, chimene chili pamwamba pa nyanja ndi mamita pafupifupi 900, pafupi ndi mathithi a Manchewe. Pamenepo adamangapo sukulu yotchedwa Overtoun Institution, potengera dzina la Lord Overtoun, munthu wachuma wa ku Scotland amene adaperekapo ndalama zambiri. Idali sukulu yapamwamba koposa m'chigawo chino cha Africa masiku amenewo. Inkaphunzitsa uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalaliki, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku. Pofika 1905 pamalopo padali madzi a m'mipope ndi magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, ndiponso msewu wokhotakhota wa Gorodi wotsikira kunyanja.

Ophunzira ankachokera kutali: Atonga a ku Bandawe, Angonde a ku Karonga, Ahenga, Angoni, ndi ena a m'dziko limene lero ndi Zambia. Aliyense adabwera ndi nyimbo zakwawo m'mutu. M'kalasi ndi m'tchalitchi ankaphunzira masalimo ndi nyimbo zotembenuzidwa kuchokera ku Chingerezi, zoimbidwa m'mawu anayi, ndipo ankaziwerenga mwa njira ya tonic sol-fa, ija ya do, re, mi, imene amishoni a ku Scotland ankaikonda chifukwa ndi yosavuta kulemba pa bolodi. Luso limeneli lidali chida chachikulu. Mnyamata amene kale ankasunga chuni m'mutu mokha tsopano adatha kuchilemba papepala ndi kuchitumiza kwa mphunzitsi mnzake wa ku mudzi wakutali.

Koma munthu wa khutu lakuthwa sakadalephera kumva chilema cha nyimbo zotembenuzidwazo. M'Chitumbuka, monganso m'Chichewa, liwu limatsindikidwa ndi kutalikitsidwa pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Machuni ambiri a Chingerezi amatsindika phatikizo lomaliza la mzere. Tsono pofuna kuti mawu athu akwane m'chuni chachilendo, womasulira ankawadula kapena kuwapinda, ndipo woimba ankatchula chiyankhulo chake chomwe ngati mlendo. Chinanso, nyimbozo zinkafuna kuti anthu onse ayambire pamodzi ndi kutsata mizere yambiri ya m'buku, pamene ambiri m'midzi sankadziwa kuwerenga. Nyimbo ya woyambitsa ndi ovomera idalibe vuto limeneli: gogo wosadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe ankaigwira pakuimva kawiri.

Motero Khondowe adapatsa Charles zinthu ziwiri: chida cholembera nyimbo, ndi mpata woyerekeza maimbidwe achilendo ndi a kwawo. Adatsika phirilo ali mphunzitsi wodziwa bwino za Azungu, koma wosataya za makolo.

MPHUNZITSI WA PA LOUDON

Pofika chaka cha 1908 a Chinula adali akuphunzitsa pa Loudon, mishoni imene Donald Fraser adatsegula mu 1902, imene lero imadziwika ndi dzina loti Embangweni. Masiku amenewo akulu ambiri a mpingo, akuda ndi oyera omwe, ankaona magule a m'midzi ngati khomo la uchimo, ndipo Mkhristu wopezeka pa gule ankatha kuimitsidwa. Mphunzitsi wachinyamatayu, ali ndi zaka 23, ankalimbikitsa ana a sukulu yake mobisa kuti azivina. Chidali chinthu chimene chikadamutayitsa ntchito. Koma iye adaona kuti kuchotsa gule ndi nyimbo mwa mwana ndiko kumuchotsa mtima, ndi kuti chikhristu chopanda chimwemwe sichingamere mizu m'mudzi.

Mwayi wake udali wakuti Fraser nayenso adali wokonda nyimbo. Mbusayu adaona kuti ingoma ndi gule waulemu, ndipo adakhazikitsa mpikisano wa chaka ndi chaka wa opeka nyimbo pa Loudon. Aphunzitsi ndi alaliki ankabwera ndi magulu awo, aliyense ndi nyimbo yake yatsopano, ndipo zimene zakoma zinkafalikira m'midzi pobwerera anthu kwawo. Pa chaka chimodzi pankamveka nyimbo zatsopano makumimakumi. M'bwalo limeneli mudakulira gulu la opeka nyimbo limene dziko lino silidaonenso lofanana nalo: Mawelera Tembo, Peter Thole, Jonathan Chirwa, Hezekiah Tweya, ndi Charles Chinula.

Kapekedwe kawo kadali kotere. Ankatenga chuni chimene anthu ankachidziwa kale, kaya cha nkhondo, cha ukwati kapena chotamanda mfumu, kapena ankapeka chatsopano chomangidwa mofanana nacho. Kenaka ankafuna mawu ogwirizana ndi mzimu wa chunicho. Chuni chotamandira inkosi chinkasanduka chotamandira Mfumu ya mafumu. Choitanira ankhondo chinkasanduka choitanira anthu ku ntchito ya Mulungu. Mawu ankakhala ochepa, obwerezedwa, ndi otchulidwa monga momwe munthu amayankhulira. Iyi sidali ntchito yongosintha mawu ayi. Idafuna munthu wodziwa Baibulo mozama ndiponso wodziwa chimene chuni chilichonse chinkakumbutsa anthu, kuopa kuti mpingo ungamaimbe za mtanda mitima ili ku mowa. Buku la nyimbo la Chitumbuka lotchedwa Sumu za Ukristu lili ndi nyimbo zoposa 100 zopekedwa ndi eni dziko, ndipo zoposa 20 mwa izo ndi za a Chinula.

MBUSA NDI MTSOGOLERI

Kuimba sikudawatsekere maso pa mavuto a anthu. M'chaka cha 1915 boma la atsamunda lidachotsa Inkosi Chimtunga pa mpando chifukwa chokana kupereka amtengatenga a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pamene bungwe la Mombera Native Association lidakhazikitsidwa mu 1920, a Chinula adakhala mlembi wake, ndipo bungweli lidalimbikira kuti ufumu wa Angoni ubwezeredwe ulemu wake. Adadzakhalanso mlangizi wa Inkosi M'mbelwa yachiwiri.

Abusa oyamba akuda a Livingstonia, a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, atadikira zaka zambiri chitsirizire maphunziro awo. A Chinula adadzozedwa mu 1925, ali ndi zaka 40, patangopita chaka chimodzi chikhazikitsidwire mpingo wa CCAP. M'chaka chomwecho Fraser, amene ankawamvetsa koposa amishoni ena onse, adabwerera ku Scotland.

KUGWA NDI KUPATUKA

Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. M'chaka cha 1930, atangotumikira zaka zisanu, a Chinula adachotsedwa pa ubusa chifukwa cha mlandu wa chigololo. Patapita nthawi adalandiridwanso m'mpingo ngati Mkhristu wamba, koma ubusa sadabwezeredwe. Chidawapweteka kwambiri n'chakuti chitsanzo cha chikhululukiro chidalipo kale: Mbusa Jonathan Chirwa adagwa m'tchimo lomwelo mu 1918, koma adabwezeredwa pa ntchito mu 1924, Fraser atawamenyera nkhondo. Tsopano wowamenyera nkhondo yotere padalibe.

M'zaka zamdima zimenezi sadakhale manja lende. Adamasulira m'Chitumbuka buku la John Bunyan lotchedwa The Pilgrim's Progress, lonena za mlendo wosenza katundu wolemera amene akugwa ndi kudzuka pa ulendo wake wa kumwamba. N'zosadabwitsa kuti munthu amene adali m'mavuto otere adapeza bwenzi m'buku limeneli.

Atatopa ndi kudikira, mu 1934 adapatuka nayambitsa mpingo wawo ku Sazu, m'boma la Mzimba, umene adautcha Eklesia Lanangwa, ndiye kuti mpingo waufulu, ndipo adatsegulanso sukulu. Sadali okha. A Yafet Mkandawire adali atachotsedwa pa ubusa mu 1932, ndipo a Mwasi adali atachoka mu 1933 posagwirizana ndi ulamuliro wa amishoni. Mu 1935 abusa atatuwa adaphatikiza mipingo yawo napanga Mpingo wa Afipa wa Africa, ndiko kunena mpingo wa anthu akuda. Onse atatu adali ana a Livingstonia, ndipo kuchoka kwawo kudaonetsa kuti sukulu imene idaphunzitsa anthu kuganiza idachedwa kuwakhulupirira pa utsogoleri.

Apa m'pamene pali chinthu choyenera kuchilingalira. Bwalo la mpingo lidatha kuchotsa a Chinula pa guwa, koma padalibe bwalo lotha kuchotsa nyimbo zawo m'kamwa mwa anthu. Zaka zonse zimene mwini wake adali kunja, nyimbo zake zidakhalabe m'kati, zikuimbidwa pa Mgonero, pa maliro ndi pa Pasaka m'matchalitchi omwe iye sakadaloledwa kulalikiramo. Udindo umaperekedwa ndi anthu ochepa ndipo anthu ochepa omwewo angathe kuulanda. Nyimbo ikalandiridwa ndi mudzi, mwini wake amakhala mudziwo.

ZAKA ZOTSIRIZA

Bungwe la Nyasaland African Congress litakhazikitsidwa mu 1944, a Chinula adali mmodzi mwa atsogoleri ake, ndipo adakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti. Koma ndale zili ndi mibadwo yake. Pamene anyamata ophunzira kunja adatenga utsogoleri m'zaka za m'ma 1950, akuluakulu a mbadwo wa mabungwe oyamba aja adatsalira m'mbuyo, ndipo maina awo adayamba kuzilala.

Nyimbo zokha ndizo zidapitirira ulendo. Mu 1959 mayi wina wa mishoni, Helen Taylor, adatulutsa kabuku kotchedwa Tunes from Nyasaland, momwe adaikamo nyimbo za kumpoto atazitembenuzira m'Chingerezi. Pambuyo pake Mbusa Tom Colvin, amene adagwira ntchito m'Malawi ndi ku Ghana, adazifalitsa m'mabuku ena. Lero m'buku la nyimbo la Church of Scotland, Church Hymnary, limene lidatuluka mu 2005, muli nyimbo ya a Chinula yonena za Mwanawankhosa wa Mulungu. Zinthu zidatembenuka: mnyamata amene adaphunzitsidwa machuni a ku Scotland pa Khondowe ndiye akuimbitsa zidzukulu za aphunzitsi ake chuni cha ku Mzimba.

Madzi saiwala khwawa. Zaka zochepa asanamwalire, a Chinula adabwerera ku mpingo wa CCAP, umene adausiya kwa zaka zoposa 30. Adamwalira mu 1970 ali ndi zaka 85, ataona dziko lawo likulandira ufulu mu 1964. Pa Khondowe, pamene adaphunzira kulemba do, re, mi, padatsegulidwa yunivesite ya Livingstonia mu 2003.

PHUNZIRO KWA APHUNZITSI NDI ACHINYAMATA

Moyo wa mkuluyu sudali wopanda banga, ndipo kubisa zimenezi kukadakhala kunamiza owerenga. Koma muli zinthu ziwiri zoti aphunzitsi ndi otsiriza sukulu atolepo.

Choyamba n'cha aphunzitsi. M'sukulu zambiri nthawi ya nyimbo ndiyo imayamba kudyedwa mayeso akayandikira, ndipo mwana woimba nyimbo ya kumudzi amauzidwa kuti akusokosa. Komatu zimene mwana wa zaka 13 akumva lero ndizo adzatulutse ali ndi zaka 40. Fraser sadaphunzitse Angoni kuimba, pakuti ankadziwa kale. Iye adangowapatsa bwalo ndi kuwamvetsera. Mphunzitsi amene apatsa ana bwalo lotere, nawaphunzitsa kulemba chuni chimene agogo awo amaimba pa mtondo, akuchita ntchito imene idzakhalitsa kuposa zambiri zolembedwa pa bolodi.

Chachiwiri n'cha achinyamata. Makutu a mnyamata wa lero amadzazidwa ndi wailesi, foni ndi intaneti, ndipo nyimbo za maiko akutali zimafika m'mudzi tsiku lomwe zatuluka. Palibe choipa pomva zachilendo. A Chinula adazimva, naziphunzira bwino, natengako chida chimene chidawathandiza. Koma dziko la Scotland silikadaika dzina lawo m'buku lake akadangobwereza masalimo a ku Scotland komweko. Chimene chidawatengera kutali ndi chimene adachimva pa bwalo la kwawo akali mnyamata, nakana kuchita nacho manyazi.